Nkhope Zosadziwika Zimene Zinaimitsa Chimanga kwa Kalembo

1

Mchemwali wanga Maness anaimitsa chimanga cha midzi isanu ndi iwiri m'chaka cha njala. Sanabe thumba ngakhale limodzi, sanalembetse dzina labodza, ndipo kompyuta sadziwa ndi pamene amayatsira. Komabe lole ya chimanga inabwezedwa pa Liwonde chifukwa cha iye, uku anthu akudya chitedze ndi mango osakhwima.

Ine ndine Yoram Sitima wa kwa Kalembo, m'boma la Balaka. Ndinaphunzira kwa ansembe m'masiku amene mwana wopereka chinthu kwa wamkulu ndi dzanja limodzi ankagwada pamiyala mpaka dzuwa kupendeka, ndipo ndinakhala mphunzitsi wamkulu kufikira pamene ndinapuma. Ndimavala tayi ngakhale popita kudimba. Ndikunena zimenezi kuti muyeze bwino kukula kwa manyazi amene ndikukuululirani.

Chaka chimenecho mvula inadula chimanga chitangomasula. Bungwe lina lothandiza anthu, limene sinditchula dzina lake, linayamba kugawa chimanga, ndipo anthu anandisankha kukhala wapampando wa komiti. Alembi athu asanu ndi mmodzi anapatsidwa matabuleti, aliyense yakeyake, olemberamo mabanja olandira. Makinawo analibe kiyi. Mlembi ankangoyang'ana pagalasi pake, ndipo akamuzindikira nkhope ankatseguka. Nkhope yachilendo ikayang'ana, makinawo ankaionetsa kanthawi kochepa, kenako mawu a mzimayi ankamveka: "Simukudziwika. Yesaninso." Munthu akakanidwa katatu, tabuletiyo inkadzitseka mpaka m'mawa mwake. Ndinadandaula kwa akuluakulu a bungwe kuti mzimayi wa m'makinayo sapereka moni, koma sanandiyankhe.

Nyumba yanga yokha ndi imene inali ndi sola. Choncho alembi ankagwira ntchito m'mawa, masana n'kubweretsa makina kwathu kuti adzadze moto. Woyang'anira makina onse a bungwe m'dera lino anali Clementina, mtsikana amene ndinamuphunzitsa ndekha ali wamng'ono. Anabwera ndi bokosi lachitsulo.

"Aphunzitsi, muziwatsekera umu. Loko nayu."

"Mwana wanga," ndinatero, "loko ndi wa nyumba za anthu osaleredwa. Makinawa azikhala kuchipinda kwanga."

"Chitseko chake chili ndi kiyi?"

"Chili ndi mwambo."

Ndinkanena zimene ndinkadziwa. Chimwalirireni mkazi wanga Scholastica, phazi lina silinalowepo m'chipinda chimenecho. M'nyumba tinalimo awiri, ine ndi Maness, amenenso anali wamasiye. Mlongo salowa kuchipinda kwa mlongo wake. Nditadwala malungo chaka china, phala ankaliika pakhomo, n'kutsokomola kuti ndidziwe, n'kubwerera.

Clementina anabwerera nalo bokosi lake.

2

Patapita milungu ingapo anabweranso pa njinga yamoto, nkhope ili gwa. Anaitanitsa komiti ndi alembi onse m'kalasi, n'kutsegula laputopu yake.

"Makinawa ali ngati nyumba ya mlonda," anatero. "Aliyense akagogoda, kompyuta yaikulu ya ku Blantyre imalemba dzina la mwini tabuleti, nthawi, malo, ndiponso ngati wogogodayo walowa kapena wakanidwa. Zolembazo n'zambiri, munthu sangaziwerenge zonse. Ndiye ndimazifunsa mafunso. Funso loyamba ndinati, ndionetse okanidwa okha."

Anagunda batani. Mizere yofiira inatsika, inatsikabe, ngati linthumbu lasokonezeka.

"Lachiwiri ndinati, uwasanje malinga ndi mayina. Ndinkaganiza kuti ndi mlembi mmodzi. Ndi nonse."

Mlembi wina, Hilary, mnyamata wautali wolankhula asanapatsidwe mpata, anaimirira.

"Madamu, si njala imeneyi? Pojambulitsa paja ndinali ndi masaya. Panopa ngakhale amayi anga amandiyang'ana kawiri."

"Inenso," anatero Saida, mlembi mnzake. "Nkhope yatsala maso okha. Makina alakwa chiyani?"

"Khalani pansi, a Hilary," ndinatero. "Simunakweze dzanja."

"Inenso ndinayamba ndaganiza choncho," anatero Clementina. "Koma m'mawa makina amakulandirani nonse popanda vuto. Ndiye funso lachitatu ndinati, undionetse nthawi. Taonani. Zonse ndi zamasana. Katatu pa tabuleti ya Hilary mpaka itatseka. Kenako katatu pa ya Saida mpaka itatseka. Kenako ina, kenako ina, ngati munthu woyenda khomo ndi khomo. Mawa lake chimodzimodzi, ndipo amayambira pa ya Hilary nthawi zonse."

"Bwanji yanga?" anafuula Hilary.

"Funso lomaliza ndinati, undionetse malo." Clementina anaima kaye. Anandiyang'ana monga ankachitira ali sitandade faifi akalephera samu. "Malo ndi amodzi. Ndi nyumba yanu, aphunzitsi."

Onse anatembenukira kwa ine.

Clementina anafotokoza kuti akuluakulu ku Blantyre ankakhulupirira kuti pali mbava zofuna kulowa m'makina kuti zilembemo mabanja abodza. Analamula kuti chimanga chisabwere kwa Kalembo mpaka wochita zimenezi atadziwika. Anatinso makinawo amajambula nkhope iliyonse imene aikana, koma zithunzizo zimatsegulidwa ndi akuluakulu okha, ndipo pempho linali litapita kale.

"Za zithunzi zikhale zathu m'chipinda muno," anatero. "Makina akhale pomwepo. Wakubayo asadziwe kuti tamuona."

Ndinaimirira, n'kukonza tayi.

"Alembi, lembani. Aliyense amene nkhope yake idzapezeke m'makinawa adzagwada pamaso pa midzi yonse isanu ndi iwiri n'kupepesa, ndipo gawo la chimanga la banja lake lidzapita kwa ena. Zithunzizo zidzaonetsedwe poyera. Pasadzakhale kuyang'ana kuti uyu ndi ndani."

Anaomba m'manja. Ndinakhala pansi ndili wokhutira kwambiri.

3

Ndinayamba kufufuza mwadongosolo. Masana aliwonse ndinkapita kumjigo kukaonetsetsa kuti anthu akuima pamzere mwaulemu, pakuti njala ikafika ulemu ndi umene umayamba kuonda. Ndiye kuti choipacho chinkachitika ine kulibe. Zenera linali ndi zitsulo. Denga linali lathunthu. Maness sakanalowa, chifukwa mlongo salowa. Nditachotsa onse osatheka, wotsala anali mmodzi: ine.

Ndinatenga kagalasi kanga kometera ndevu, kokhako m'nyumba monse, pakuti galasi lalikulu ndinkaliona ngati chiyambi cha matama. Ndinadziyang'ana n'kudzifunsa mwaulemu ngati ndimabwerera kunyumba masana osadziwa. Woyankha anakana, ndipo ndinamukhulupirira chifukwa ndimamudziwa kuti sanama.

Madzulo ndinafunsa Maness. Nkhani za komiti sindinkazikamba pakhomo, choncho ndinafunsa mozungulira.

"Achemwali, kodi masana pamabwera aliyense pano?"

"Nkhuku zokha, achimwene. Nazonso zinatha."

Anandiikira mbale ya matemba.

"Awa achokeranso ku parishi?"

"Idyani, achimwene, asazizire."

Ndinadya n'kuyamika Mulungu chifukwa cha ansembe athu.

Kunja zinthu zinaipa. Mbiri inamveka yoti mbava za pa intaneti zagwirizana ndi wapampando. Amayi amene ankandigwadira anayamba kundipatsa moni ali chiimire. Banja lina la kuseri kwa sukulu linagonekedwa kuchipatala chifukwa chodya chitedze chosaphikidwa mokwanira, ndipo mwini banjalo, a Sufiyani, anandipeza kumjigo n'kundifunsa pamaso pa anthu kuti, "A Hedi, ana anga adye mzere wanuwu?"

Munthu mmodzi yekha ndi amene anapitiriza kundilemekeza, ndipo anali amene sindinkamufuna. Che Idrisa, bambo wamasiye wa ku Nsanama, ankagulitsa nsomba zouma za ku Chiuta pamsika wathu. Chaka chapitacho anatumiza ankhoswe kudzafunsira Maness, ndipo ine monga mwini mbumba ndinakana. Ena amati ndinakana chifukwa iye ndi Msilamu, ife Akatolika. Si zoona, m'banja mwathu muli a kumzikiti ndi a kutchalitchi, ndipo pamaliro timakhala mkeka umodzi. Ndinakana chifukwa tsiku lina munthu ameneyu anandipatsa moni ali panjinga, osatsika. Chiyambireni tsiku limene ndinamukana, akandiona patali ankatsika njinga n'kuikankha mpaka nditazimiririka. Ndinkaona kuti wachedwa nazo.

4

Nditaona kuti nzeru zatha, ndinachita chinthu chimene ndinkakwapulira ana a sukulu. Masana ena ndinatsanzika mokweza kuti ndikupita kumjigo, ndinazungulira m'munda wa nandolo, n'kulowa m'nyumba mwanga ngati mbala pamene Maness anali kubafa. Ndinayala nyuzipepala pansi pa bedi kuti thalauza lisade, n'kukwawira pamenepo, tayi ili pakhosi.

Patapita nthawi ndinamva mapazi a anthu awiri. Anaima pakhomo la chipinda.

"Odi, achimwene," anatero mawu a Maness, motsitsa.

Owerenga, ndinaluma lilime. Moyo wanga wonse sindinasiyepo odi osayankhidwa, ndipo mawu akuti "lowani" anali atafika kale m'mano.

"Mwamva, Che Idrisa? Sanakane. Tiyeni."

Ndinaona nsapato zikuvulidwa pakhomo n'kuikidwa bwinobwino mogundizana. Pamenepo, ndiyenera kuvomereza, Che Idrisa ndinamupatsa malikisi. Kenako bedi linatsika mpaka linandigunda mphuno.

"Tiyambe ndi ya Hilary," anatero Maness. "Imawala bwino."

"Sendezani mutu kuno, Che Maness. Duku lanu latsala kunja."

"Inunso khutu. Wongolani chisoti. Eya. Musapume."

"Simukudziwika. Yesaninso," anatero mzimayi wa m'makina.

"Mashallah! Mwaona? Ngati anthu a m'kalendala."

"Sindinaone bwino, munaseka. Tiyesenso, mayi wa m'makinayu walola."

Anayesanso. Ya Hilary itatseka anatenga ya Saida. Ndinagona pamenepo, fumbi lili m'mphuno, ndikumvetsera mbava zimene Blantyre yense ankaziopa zikukangana za amene watsinzina.

"Mwaonda, Che Idrisa," anatero Maness pakati pake. "Nsomba zonse mukubweretsa kuno."

"Alamu anga akudya?"

"Mpaka mitu. Amati n'za ku parishi. Dzulo anapempherera abambo mfumu."

"Alekeni apemphere, madalitso adzakhota okha. Koma muwauze zathu. Zobisalazi pa msinkhu wathu, iyayi."

"Ndiwauze chiyani? Munawapatsa moni muli panjinga."

"Walahi, inalibe mabuleki! Potsetsereka paja! Ndikanatsika ndikanathera m'ngalande, ndi dengu lomwe."

"Iwo akanakonda mukanathera m'ngalande."

Zimenezo zinali zoona.

"Ine sindifuna zambiri," anapitiriza Maness. "Kagalasi ka achimwene kamakwana nkhope imodzi. Kwa wojambula pamsika sitingapite, dzuwa lisanalowe dera lonse lidziwa. Ndimangofuna kuona ngati tikuyenerana. Ndikaona ndimaiwala kuti sindinadye."

"Koma mwamva za mbava za pa intaneti zimene zikuvutitsa makinawa?"

"Anthu opanda chisoni. Chimanga chaima chifukwa cha iwo. Ife batani sitikhudza, timangoyang'ana."

Mudzafunsa chifukwa chake sindinatuluke. Choyamba, mwini nyumba satulukira mlendo kuchokera pansi pa bedi. Chachiwiri, ndinali nditamva odi n'kukhala chete, ndipo mlandu umenewo unali wanga. Chachitatu sindikuchidziwa bwino dzina lake. Mchemwali wanga ndinali ndisanamumve akuseka chotero chiikireni mwamuna wake m'manda.

Pa tabuleti yomaliza panachitika kanthu kena. Awiriwo anakuwa, wina akuitana Maria, wina Allah, n'kuthawa, nsapato zili m'manja. Kanthuko ndikusungirani.

5

Ndinayenera kuimbira Clementina tsiku lomwelo. Sindinatero. Ndinakhala ndikukonza chiganizo chofotokoza nkhaniyi mosanyozetsa banja, ndipo chiganizo chilichonse chinkafera pakati. Pamene ine ndinkasankha mawu, ana a anthu ankagona ndi njala. Nditalimba mtima n'kuimba, anandiyankha kuti zithunzi zafika, ndipo msonkhano waitanidwa kale.

"Mwana wanga, kodi sizingaonedwe mseri, ndi akuluakulu ochepa?"

"Munalamula nokha, aphunzitsi. Munati pasadzakhale kuyang'ana kuti uyu ndi ndani."

"Waziona?"

"Zonse. Mpaka chomaliza." Anatsokomola. "Munali mutavala bwino."

Tsiku la msonkhano anthu anadzaza holo ya sukulu mpaka m'mazenera, moti mabulangete otchingira kuwala anangowapachika pamitu ya anthu. Nsalu yoyera inakhomedwa pakhoma. Ambiri ankayembekezera kuona mzungu wovala magalasi akuda. Maness anakhala kumbali ya amayi ndi kolona wake. Che Idrisa anaima kumbuyo, pafupi ndi njinga.

Clementina anafotokozanso mafunso ake anayi, n'kuyatsa makina oonetsera.

Pansalu panatuluka nkhope ziwiri zokalamba, mitu itagundana, zikumwetulira ngati ana a ukaristia woyamba. Pamwamba panalembedwa kuti: Hilary, wakanidwa.

Kenako mayi wina anati, "Si a Maness awo?" Holo yonse inaphulika. Zithunzi zinatsatizana: Maness ndi duku lobiriwira, Maness ndi duku la gulu la amayi achikatolika, Che Idrisa chisoti chitapendeka, Che Idrisa atatsinzina, awiriwo akuyesa nkhope yaukali, awiriwo italephereka nkhope yaukaliyo. Kumbuyo kwawo kunkaoneka jekete langa la Lamulungu lili pamsomali. Anthu amene anali asanadye chiyambire dzulo anaseka mpaka kugwirana mapewa.

"N'chifukwa chake yanga inkatentha m'mawa!" anakuwa Hilary.

Koma a Sufiyani sanaseke. Anaimirira.

"Ana anga anatsala pang'ono kufa chifukwa cha chibwenzi cha nkhalamba?"

Kuseka kunatha. Maness anadzuka, anayenda mpaka kutsogolo, n'kugwada pasimenti.

"Sindinkadziwa, bambo," anatero. "Ndinkatukwana nawo mbavazo. Sindinkadziwa kuti kuyang'ana kumalembedwa."

Che Idrisa anasiya njinga kuti igwe, anadutsa pakati pa anthu, n'kudzagwada pambali pake. Ndinaona kuti ngakhale pogwada ankayenerana.

Ndinaimirira kuti nditseke msonkhano mwamsanga.

"Pepani, aphunzitsi," anatero Clementina. "Chatsala chimodzi."

Tsopano ndikuuzeni kanthu kaja. Tsiku lija tabuleti yomaliza inapulumuka m'manja mwa Maness, inagwa, n'kutsamira mwendo wa bedi, galasi lake litaloza kunsi. Inandiyang'ana. Inenso ndinaiyang'ana. Ndipo kuchokera pansi, popanda aliyense wa awiriwo kuyang'anamo, mzimayi uja analankhula kuti, "Simukudziwika. Yesaninso." Iwo anayesa kuti makinawo aona mzimu wa malemu mkazi wanga.

Pansalu panatuluka nkhope yanga, yaikulu ngati chitseko, itagona cham'mbali panyuzipepala. Pamwamba pa mutu panali mawaya a bedi. Patayi panali ukonde wa kangaude. Mbali iyi kunali chidendene cha mchemwali wanga, mbali iyo cha Che Idrisa.

Sindikufotokozerani phokoso limene linatsatira. Ngakhale a Sufiyani anakhala pansi n'kubisa nkhope m'chipewa, mapewa akugwedezeka. Hilary anakweza dzanja, kwa nthawi yoyamba m'moyo wake, n'kudikira kuti ndimuloze. Sindinamuloze.

Phokoso litachepa, Maness anatembenuka ali chigwadire, n'kundiyang'ana nthawi yaitali.

"Achimwene," anatero, "ndinati odi. Bwanji simunayankhe?"

6

Owerenga okondedwa, ndaphunzitsa ana ambiri kulandira ndi manja awiri, ndipo sindikubweza mawu ngakhale amodzi. Koma ndinakhala nyumba imodzi ndi mchemwali wanga ndikudziwa mmene amagwadira, mmene amaperekera madzi ndi mmene amatsokomolera pakhomo, osadziwa chimene ankalakalaka. Zinatengera kompyuta ya ku Blantyre, yosapereka ndi moni womwe, kuti indiuze amene ankabwera m'nyumba mwanga ndi amene ankandidyetsa. Ngati muli ndi wachibale wofatsa kwambiri pakhomo panu, mufunseni mafunso inu nokha makina asanakufunsireni. Ndipo munthu akakupatsani moni ali panjinga, muyambe mwayang'ana mabuleki. Wina akakubweretserani loko, mulandire ndi manja awiri.

Clementina anatumiza lipoti lake tsiku lomwelo, ndipo akuluakulu atakhutira kuti palibe dzina labodza limene linalowa, lole ya chimanga inafika sabata yomweyo.

Chilango chinali chotere. Bungwe linachotsa makina m'nyumba mwanga n'kuwaika m'bokosi lachitsulo lija, kiyi n'kupatsa Saida. Komiti inandichotsa pa upampando. Lamulo langa linatsatidwa monga ndinalinenera: nkhope zonse zimene makina anakana zinagwada pabwalo pamaso pa midzi isanu ndi iwiri, Maness kumanzere, Che Idrisa kumanja, ine pakati, ndipo tinapepesa mudzi uliwonse pawokha. Gawo lathu la chimanga la mwezi umenewo linapita kwa ana a a Sufiyani. Ine monga mwini mbumba ndinalamula Che Idrisa kuti akonzetse mabuleki, atumizenso ankhoswe kudzera pakhomo lakumaso, ndipo agule galasi lokwana nkhope ziwiri. Maness anandilamula kuti matemba ndizithokoza mwiniwake pomutchula dzina. Zonsezi zinachitika.